Mphuno ya Telala ndi Kachingwe ka Mlongo Wake

Telala wa pakhonde la sitolo ya zitsulo anali ndi mdani mmodzi yekha padziko lapansi, ndipo mdaniyo anali pakati penipeni pa nkhope yake. Tsiku lonse akakhala pa makina ake osokera, mphuno inkakhala youma gwa, yaulemu, yosadziwika n'komwe kuti ilipo. Koma angovala nsapato zothamangira n'kuponda msewu m'mamawa, asanafike n'komwe pa kamlatho ka kumapeto kwa mzere wa nyumba zawo, inkayamba zake. Poyamba kadontho kamodzi kozizira, kenako kachiwiri, kenako chuchuchu mpaka pamlomo. Chimfine analibe, sankatsokomola, mutu sunkamuwawa. Mphunoyo inkangodana ndi kuthamanga basi.

Anzake othamanga m'mawa, anthu opanda chisoni, anamutcha Mpopi. Akamadutsana naye ankakuwa kuti, “A Mpopi, tsekani madziwo, enafe sitinatunge!” Iye ankafuna kuwayankha, ndipo mayankho anali nawo abwinoabwino, koma munthu sungakalipe uku ukufwenthera. Ankangokukuta mano n'kupitirira.

Wina akanangovula nsapatozo n'kuziponya pansi pa bedi. Telala sakanatha, chifukwa sankathamangira thupi lake. Kudzanja lake lamanja kunkakhala kachingwe, ndipo mbali ina ya kachingweko inkakhala m'dzanja la mlongo wake.

Mlongo wakeyo anali wamng'ono kwa iye ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Makolo awo atamwalira motsatizana, telala, amene nthawi imeneyo anali mnyamata wa ndevu zitatu, anasiya sukulu n'kukaphunzira kusoka kuti mwanayo apitirize. Yunifolomu yoyamba imene anasoka ndi manja ake inali ya mlongo wakeyo, mkono wina wautali wina waufupi, ndipo mtsikanayo anaivala chaka chonse osadandaula. Anali waliwiro, pa mipikisano ya sukulu ankasiya anzake ngati aima. Ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anadwala matenda a m'mutu amene anamugoneka m'chipatala miyezi iwiri. Anatuluka wamoyo, koma maso anatsala komweko, ndipo khutu lakumanja linkangomva zapafupi. Sanakhale pansi n'kumalira mpaka kalekale. Anaphunzira kuwerenga ndi zala, timadontho totukuka papepala lolimba tija, ndipo patapita zaka anakhala mphunzitsi pa sukulu ya ana osaona, n'kupatsidwa kanyumba ka zipinda ziwiri kuseri kwa makalasi.

Tsiku lina anafika pakhonde la mchimwene wake ndi ndodo yake yoyera, n'kukhala pa benchi ya makasitomala.

“Achimwene, ndatopa n'kuyenda ngati ndasenza mazira. Ndikufuna kuthamanga.”

“Uthamange ndi ndani?”

“Kodi miyendo yanuyo ntchito yake ndi yopalasa makina basi?”

Madzulo a tsiku lomwelo telala anadula kansalu kolimba kotsala pa thalauza la makaniko wina, anakapinda kanayi, anakadutsitsa pa makina maulendo angapo, n'kusiya zogwirira ziwiri, uku ndi uku. Kutalika kwake kunali masentimita makumi anayi ndendende, poti telala sayerekeza, amayeza. Tsiku loyamba anapondana zidendene, anagundana mapewa, ndipo telala anasanza kuseri kwa mpanda wa sukulu pamene mlongo wake ankafunsa ngati angabwerezenso. Patatha mwezi miyendo inayamba kumvana. Kachingweko anakasintha kasanu m'zaka khumi ndi chimodzi, koma muyeso unali womwewo.

Kanali ndi chilankhulo chake. Telala akakakokera kwa iye, ndiye kuti tikhotere kumanzere. Akakankha ndi chigongono, kumanja. Akakakokera kumbuyo, chepetsa liwiro. Akakakweza m'mwamba mwadzidzidzi, dumpha, pali mwala kapena ngalande. Pakamwa ponso pankagwira ntchito: “Mchenga. Njinga kutsogolo. Galu, koma wagona.” Koma mawu amachedwa, akamafika kukhutu phazi limakhala litaponda kale. Dzanja ndilo linkafulumira. Mlongoyo ankathamanga kumanja kwa mchimwene wake kuti khutu lakumva lija likhale pafupi ndi pakamwa pake. Choncho kwa ola lathunthu, katatu pa sabata, dzanja lamanja la telala silinkakhala lake. Lamanzere ndilo linkapatutsa njinga ndi kuopseza agalu.

Msewu ukakhala wabwino, telala ankamuuza zimene akuona, ndipo ankaziona mwa utelala. “Tadutsana ndi bambo wa jekete yobwereka, mapewa akulendewera. Mayi uyu diresi lake anamusokera ndi mdani wake.” Mlongoyo ankaseka, n'kubwezera ndi nkhani za ana a m'kalasi mwake, uyu wabisa pepala, uyu waphunzira kulemba yekha kalata yopita kwa mayi ake. Ola limenelo ndi limene telala ankadziona kuti ndi munthu. Pakhonde anali wofupikitsa mathalauza ndi kuika zipi. Kunyumba anali bambo wa ana atatu amene anali atakula, osamufunsanso kalikonse. Koma pamsewu anali maso a munthu. Sankauza aliyense, koma mantha ake aakulu anali amodzi, oti tsiku lina kachingweko kadzagwidwa ndi dzanja lina.

Zaka zisanu ndi ziwiri zoyambirira mphuno inali phee. Kenako, popanda woilakwira, inayamba.

Anayamba ndi kampango m'thumba la kabudula. Kuti akatulutse ndi dzanja lamanzere, akatambasule, amine, n'kukabwezera, ankakhala atadutsa maenje awiri osawatchula, ndipo pofika kilomita yachiwiri kampangoko kankafuna kufinya. Anayesa thonje m'mphuno. Anathamanga kukamwa kuli yasa, mawu akutuluka ngati a munthu wolankhulira m'chidebe, mpaka pachitunda thonje lina linafwamphuka n'kukagwera pa nsapato ya mlonda amene ankaweruka kuntchito. Mwini sitolo ya zitsulo, munthu wodziwa mankhwala a matenda onse kupatula a chifuwa chake, anamulangiza mafuta onunkhira opaka pachifuwa aja. Telala anawapaka pansi pa mphuno. M'malo mwa mpopi umodzi anakhala ndi itatu, poti maso nawo anayamba kukha misozi, ndipo woperekeza munthu wosaona safunika kuona msewu kudzera m'madzi.

Mmodzi wa onyoza aja anamuphunzitsa njira ya othamanga enieni, yotseka bowo limodzi ndi chala n'kuuzira linalo mwamphamvu, fwee, osaima. Telala anaiyesa tsiku la mphepo. Mlongo wake anafunsa mwaulemu kwambiri, “Achimwene, kodi kwayamba mvula?” Anaseka mpaka anaima n'kugwira m'mimba. Telala sanaseke, manyazi anamugwira mpaka madzulo.

Kunyumba nakonso kunalibe mtendere. Mkazi wake ankanyamula malaya othamangira ndi zala ziwiri.

“Bambo, ana anga ndinawalera bwino, zimenezi anasiya ali mu sitandade wani. Mkono wa malaya kuchita kung'anima chonchi, mwadutsitsapo nkhono?”

Ndiye poti ndi telala, anaganiza za utelala. Anadula thaulo lakale n'kusokerera kachidutswa kofewa pa mkono wakumanzere wa malaya aliwonse othamangira, mwaukhondo, ndi ulusi wofanana mtundu. Tsopano kunali kungokweza mkono, pukutu, n'kutsitsa. Ananyada nazo, ndipo awiri mwa onyoza aja anabweretsa malaya awo mwakachetechete kuti awasokerere. Koma panali vuto limene singano sikanalikonza. Dzanja lamanja, dzanja la sizasi ndi choko, linazolowera kuti chilichonse chochitika pa thupi la telala limayamba kufikapo ndi ilo. Ntchentche ikatera, ndilo. Thukuta likalowa m'diso, ndilo. Mamina akangofika pamlomo, dzanjalo linkafuna kunyamuka lokha, ndipo telala ankachita kuligwira ndi maganizo ngati mbuzi yoona munda. Ankathamanga akuyang'ana msewu, akuyang'ana njinga, akulondera mphuno, akulonderanso dzanja lake lomwe. Pofika kunyumba mutu unkakhala utatopa kuposa miyendo.

Chaka chimenecho okonza mpikisano wa makilomita khumi wa mumzindamo analengeza kuti kwa nthawi yoyamba alola osaona kuthamanga ndi owaperekeza. Mphunzitsi uja analembetsa tsiku loyamba lomwe, n'kulonjeza ana a m'kalasi mwake kuti adzaima pomalizira n'kumva okha akumutchula pa chokuzira mawu. Kunatsala masabata asanu ndi awiri.

Telala anavundikira makina Lolemba m'mawa n'kupita kuchipatala. Anakhala pa benchi maola awiri pakati pa anthu odwala zenizeni, ndipo mphuno yake, mdani wochenjera, sinadonthe ngakhale kamodzi. Namwino amene anamulandira anali mayi wamtali, wowonda, woyenda mwachangu. Anamuunika m'mphuno ndi katochi n'kumwetulira.

“Bambo, simukudwala. Mukamathamanga mumakoka mpweya wambiri wozizira, ndiye mphuno imatulutsa madzi. Ikugwira ntchito yake.”

“Ntchito yake? Anailemba ndani ntchito imeneyo?”

“Ena zimawachitikira, ena ayi. Mukamapuma mwamphamvu ndi pamenenso imachulutsa. Ndikupatsani mankhwala opopera, mwina athandiza, mwina ayi.” Analemba, kenako anamuyang'ananso bwinobwino. “Si inu mumathamanga ndi mayi wosaona uja? Ndimakumana nanu pa msewu wa kumsika, inenso ndimathamanga. Mayi amene uja ali ndi miyendo, ndimachita kumusirira. Tsiku lina mukadzafuna wokupumitsani, mudzandiimbire.”

Analemba nambala ya foni kuseri kwa kapepala. Telala anathokoza ndi pakamwa, mumtima akuti, ine ndabwera kudzafuna mankhwala, osati wondilanda malo. Atafika pakhonde anatsegula kadirowa ka makina, anaika kapepalako pansi pa mabatani, ndipo sanauze aliyense. Mankhwala opoperawo anagwira ntchito maulendo awiri. Ulendo wachitatu mphuno inawazolowera, n'kumuwonjezeranso kuuma kukhosi.

Linali Lachinayi, kuli chisanu choluma makutu. Mlongo wake anadzuka ndi mphamvu tsiku limenelo.

“Lero tiyese liwiro la mpikisano, achimwene. Mukatopa munene.”

Chiyambire telala anali asananenepo kuti watopa, ndipo sanafune kuyamba tsiku limenelo. Anadutsa kamlatho, anakwera chitunda, n'kuyamba kutsetsereka msewu wa phula wopita kumsika. Telala anali wefuwefu. Mphuno inali itatsegula zonse. Kutsogolo kunatulukira njinga yonyamula mabokosi a buledi, ikuyenda mokhotakhota pakati pa msewu, ndipo telala anatambasula dzanja lamanzere kuiuza kuti ipatuke. Anafwenthera kamodzi. Anafwenthera kachiwiri. Kachitatu sizinathandize, madzi ozizira anadutsa mlomo wam'mwamba n'kulowa m'kamwa pamene ankati atchule njingayo. Thaulo linali kutali, kumapeto kwa mkono wotambasuka uja. Dzanja lamanja linanyamuka.

Linangonyamuka kamodzi, mwamsanga, mpaka pamphuno. Mlongo wake anachita zimene anakhala akuchita kwa zaka khumi ndi chimodzi popanda kufunsa, anadumpha. Panalibe mwala, panalibe ngalande. Panali msewu wotsetsereka chabe, ndipo phazi lake linatera m'mphepete, pomwe phula limathera n'kuyamba dothi. Linaterereka. Anagwa chafufumimba, dzanja lake lamanja, lopanda chingwe lija, litatsogola, zala n'kukhwekhwerezeka pa phula.

Wa njinga anaima patali, anayang'ana, n'kupitiriza ulendo wake. Telala anagwada. Bondo la mlongo wake linali litasupuka, koma bondo si kanthu. Nsonga za zala zitatu zinali zitasendeka, magazi atasakanikirana ndi mchenga, ndipo zinali zala zowerengera.

“Chinali chiyani?” anafunsa mlongoyo, akupuma movutika.

Telala anayang'ana msewu, wosalala bwinobwino, wopanda ngakhale kachitsotso.

“Mwala,” anatero. “Mwala waukulu. Ndinauona mochedwa.”

Mlongoyo anangopereka dzanja labwinolo kuti amudzutse.

Kuchipatala anamanga zalazo n'kunena kuti asazigwiritse ntchito masabata awiri, ndiponso kuti khungu latsopano lidzatenga nthawi kuti liyambenso kumva timadontho tija. Kwa ife oona, zili ngati akumange kumaso masabata awiri n'kukuuza kuti ukamasula udzayamba waona mwachimbuuzi. Ndipo mayeso a ana anali pafupi.

Telala ankapita madzulo aliwonse akaweruka, atanyamula nthochi, ngati kuti nthochi zimameretsa khungu. Ankamupeza atakhala patebulo, mapepala a ana ali mulu, akuyesa kuwerenga ndi dzanja lamanzere. Chala chinkayenda pang'onopang'ono, chinkabwerera, chinkayambiranso. Pepala limene kale ankalimaliza tiyi asanazizire tsopano linkamutengera theka la ola. Sanadandaule. Ankangofunsa timafunso ting'onoting'ono. “Mwala uja unali wooneka bwanji, achimwene?” Tsiku lina, “Kodi anauchotsa? Ungagwetse ena.” Telala ankayankha akuyang'ana pansi, ngakhale panalibe womuona, ndipo mwalawo unkakula tsiku ndi tsiku.

Mkazi wake sanapite m'mbali.

“Bambo, ine msewu umenewo ndimadutsa tsiku lililonse popita kumsika. Mwala wake uti? Kapena unabwera ndi miyendo n'kubwereranso kwawo?”

“Mayi, zisiyeni.”

“Ndazisiya. Koma alamu angawo si mwana.”

Pakhonde ntchito inasokonekera. Anafupikitsa mwendo umodzi wa thalauza kawiri n'kusiya winawo, ndipo mwini wake, kalaliki wina wake, analankhula mawu amene sitingawalembe pano. Pa chipupa cha sitolo panali kagalasi kodzionera makasitomala. Telala anaima pamenepo n'kuyang'ana mphuno yake, youma, yosalakwa, ili phee pamalo pake. Anaitukwana chamumtima, anaifinya mpaka inawawa. Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka. Akanaitani? Aidule ndi sizasi?

Tsiku lachisanu ndi chinayi anapita wopanda nthochi. Anakhala pampando wa pafupi ndi chitseko, chipewa chili m'manja.

“Chemwali, panalibe mwala.”

Chala cha mlongoyo chinaima papepala.

“Ndikudziwa.”

“Ukudziwa?”

“Munafwenthera katatu, kenako dzanja. Khutu ili ndi limodzi, koma limagwira ntchito ya awiri.”

“Nanga bwanji sunanene? Masiku onsewa ukundifunsa za mwala!”

“Ndimadikira kuti munene nokha.” Anatembenukira kumene kunkachokera mawu a mchimwene wake. Nkhope yake sinali yokwiya, ndipo telala akanakonda ikanakhala yokwiya. “Kugwa ndagwapo kambirimbiri, achimwene. Ndagwerapo m'ngalande, ndagundapo zitseko. Zalazi zipola. Koma ine msewu sindiuona. Chimene mwanena inu kuti chilipo, kwa ine chilipo. Mukayamba kundiikira miyala pomwe palibe, ndithamanga bwanji? Ndidzayamba kuganiza kaye ndisanadumphe, ndipo tsiku limenelo mwalawo udzakhala weniweni.”

Mlandu wa zala ukanatha kugwera mphuno, koma wa bodza unali wa telala yekha, panalibe poupachika. Anapindapinda chipewa m'manja mpaka wotchi yolankhula ya mlongo wake inatchula nthawi. Kenako, poti anali atayamba kale kuulula, anaululanso za namwino ndi kapepala ka pansi pa mabatani, n'kunena kuti amuimbira kuti adzagwire kachingwe m'malo mwake.

“Mpikisano wokhawu basi,” anatero msangamsanga. “Mpaka ndipeze njira ya mphunoyi. Kenako tibwerera mwakale.”

“Chabwino, achimwene.”

Bandeji itachoka, namwino uja anabwera. Telala anamuphunzitsa chilankhulo cha kachingwe pa bwalo la sukulu, ndipo kunena zoona anali mphunzitsi wovuta. “Chigongono pansi, mayi! Musakoke ngati mukukoka ng'ombe. Dzenjelo mwalitchula mochedwa, akanagwa pamenepo.” Mumtima ankayembekeza kuti mayiyu alakwitsa kwambiri, kapena atopa nazo, kapenanso, Mulungu amukhululukire, ayamba kufwenthera. Koma namwinoyo ankangoti “chabwino, bambo” n'kukonza. Mphuno yake inali youma ngati ya chidole. Patatha masiku anayi awiriwo anayamba kupita okha kumsewu.

Telala ankadzukabe nthawi yomwe ija. Masiku ena ankafika pakhonde sitolo isanatsegulidwe n'kumathira mafuta makina osafuna mafuta. Masiku ena ankathamanga yekha msewu wina, dzanja lamanja atalimangirira m'chiuno ndi kansalu kuti liphunzire mwambo. Anthu ankamupatukira momumvera chisoni, poganiza kuti anafa ziwalo mbali imodzi ndipo adokotala amuuza kuti azilimbitsa thupi. Iye analibe nazo ntchito. Mphuno inkachuchabe, koma dzanja linayamba kumva, ndipo ankawerenga masiku oti mpikisano uthe kuti atengenso malo ake.

Tsiku la mpikisano anasankha poima mwanzeru, pa mphambano ya pafupi ndi malo omwetsera mafuta, pa kilomita yachisanu ndi chitatu. Liwiro la mlongo wake ankalidziwa ngati muyeso wa m'chiuno wa kasitomala wakale. Makilomita khumi ankawamaliza pa ola limodzi ndi mphindi khumi. Ndiye pamphambanopo afika patatha mphindi makumi asanu ndi zisanu, mwina kuposerapo pang'ono poti ali ndi woperekeza wachilendo. Anauza mkazi wake kuti akhale kaye pansi, nthawi ilipo, ndipo iye anawerama kuti apinde bwino juzi ya mlongo wake imene ananyamula m'chikwama.

“Bambo! Si alamu awo?”

“Sangakhale iwo. Nthawi sinakwane.”

Anayang'ana wotchi, mphindi makumi anayi ndi zinayi. Anayang'ana msewu. Anali mlongo wake. Ankabwera pakati pa gulu la amuna, mutu uli m'mwamba, miyendo ikutambasuka kutali, mapazi akungokhudza phula n'kunyamuka. Kathamangidwe kameneko telala sanakaonepo chiyambireni kumuperekeza. Kachingwe kanali lende pakati pa awiriwo, osakokedwa ndi aliyense, ndipo amene ankaoneka kuti akulimbikira anali namwino. Telala anali atakonza mawu oti akuwe, koma anadutsa asanatsegule pakamwa. Mkazi wake ndiye anakuwa mpaka mawu anasasa.

Anayenda wapansi kupita pomalizira, ndipo njira yonseyo mutu unkawerengera zimene mtima sunkafuna kumva. Munthu sawonjezera liwiro lotere m'masabata atatu. Liwirolo linalipo kale.

Anapeza mlongo wake atazunguliridwa ndi ana a m'kalasi mwake, aliyense akufuna kukhudza mendulo. Mphindi makumi asanu ndi zisanu, makilomita onse khumi. Ankaseka, akupuma mwamphamvu, nkhope ikuwala. Telala anamufunditsa juzi pamapewa n'kudikira mpaka mphunzitsi wina anatenga anawo kupita nawo pamthunzi, mkazi wa telala akuwathandiza kuwoloka.

“Chemwali, wakhala ukundidikira kuyambira liti?”

Mlongoyo anasiya kuseka. Anayamba kukulunga kachingwe pa zala.

“Achimwene, lero ndi tsiku losangalala.”

“Ine zanga ndinakuuza. Nawenso undiuze.”

“Zaka zinayi. Mwina zisanu. Ndinkamva mmene mukupumira, ndiye ndinkafupikitsa phazi. Simunandikakamize ayi. Ndinkafuna kuthamanga ndi inu.”

Zaka zinayi, mwina zisanu. Nthawi yonseyo iye ankalimbana ndi mphuno, kuilowetsa thonje, kuisokera mathaulo, kumanga dzanja m'chiuno, akuganiza kuti akangogonjetsa mamina ndiye kuti zonse zili bwino. Zinamupweteka, ndipo zinamupsetsa mtima kwambiri chifukwa panalibenso woti amukalipire. Chifuwa cha munthu woyandikira zaka makumi asanu, wokhala pa makina tsiku lonse, sungachisokerere thaulo.

Namwino anafika ndi mabotolo awiri a madzi, thukuta likuchucha.

“Aphunzitsi, lero mwandipha. Nanga Lachiwiri? Ndibwere, kapena abambowa akubwerera pamalo pawo?”

Mlongoyo anatembenuzira nkhope kwa mchimwene wake n'kudikira. Telala anadziwa kuti akangoti ndikubwerera, Lachiwiri adzamupeza pachipata cha sukulu atavala nsapato, wokonzeka kufupikitsanso phazi zaka zina zisanu osanena kanthu. Mawuwo anali pakamwa penipeni, ndipo ankawafuna ndi mtima wake wonse.

“Mubwere, mayi,” anatero. “Lachiwiri, Lachinayi ndi Loweruka, hafu faifi. Musachedwe. Mlongo wangayu wadikira mokwanira.”